Kwa mabwana a maesiteti, mabodi ndi makomiti a alimi ku Mulanje ndi Thyolo: ziganizo zanu zikuchedwa

Mabwana,

Ndikulembera inu amene mumasainira zinthu, kaya muli ku ofesi ya esiteti, kaya mu bodi ya kopaletivi, kaya ndinu a tcheya a gulu la alimi a tiyi ang'onoang'ono, ngakhalenso inu a khonsolo amene mumayang'anira misika ngati Chitakale, Limbuli, Luchenza ndi Bvumbwe. Ine ndi mwana wa konkuno, ndakulira mu tiyi ndipo ntchito yanga imandiyendetsa pakati pa alimi ndi mafakitale, nde zomwe ndikulembazi ndimaziona ndi maso anga. Paja wakutsina khutu ndi mnansi. Nkhani yanga ndi yoti zinthu kunjaku zikusintha mothamanga kuposa mmene inuyo mumapangira ziganizo, ndipo anthu amene amayamba kuona kuti zasintha ndi omwe alibe mphamvu yochitapo kanthu.

Tiyambe ndi ndalama poti ndi pamene pakuwawa aliyense. Mu Meyi 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, tisanapume n'komwe mu Novembala 2023 inagwanso ndi 44 peresenti tsiku limodzi, kuchokera pamenepo mtengo umene wamva Lolemba si umene ukaupeze Lachisanu. Masapulaya a ku Limbe masiku ano akakupatsa koteshoni amalemba kuti igwira ntchito masiku owerengeka okha, ena amangokuuza pakamwa kuti bwana mukachedwa musadzandidandaule. Koma mmaofesi mwathumu njira ikadali ija yakale, kapitawo auze oyang'anira divishoni, iwo alembe fomu, fomu ipite kwa akawuntanti, apeze makoteshoni atatu, komiti yogula zinthu idzakumane mwezi ukatha, kenako cheke chidikire siginecha ya bwana amene ali ku miting'i ku Lilongwe. Pofika tsiku losaina feteleza uja wakwera, kapena watha, kapena mvula yoyamba yadutsa kale ndipo tiyi wadya mochedwa. Palibe waba, palibe waphwanya lamulo, aliyense watsata pepala lake bwinobwino, koma bungwe lataya ndalama zochuluka ndithu ndipo mu lipoti la pachaka simudzapeza mzere wonena kuti izi tinataya kamba kodikira.

Bwerani tsiku lina pa shedi yoyezera tsamba mu Januwale, nthawi imene tiyi akuphuka usiku ndi usana. Amayi atchola kuyambira mbandakucha, madengu adzadza, kalaliki wayeza pa sikelo n'kulemba, tsamba launjikana, koma thirakitala sikubwera poti dizilo kulibe kapena msewu wakumbika ndi mvula ya usiku. Mukapisa dzanja mkati mwa mulu uja mumamva kutentha ngati muli moto pansi, pakapita maola angapo tsamba limayamba kufiira, ndipo likafika kufakitale amalikana kapena kulitenga ngati lotsika. Kalaliki uja foni ali nayo mthumba, akumudziwa mnyamata wa lole pa msika wapafupi amene angabwere pompo, koma alibe mphamvu yolonjeza olo tambala, akuyenera kuimbira wamkulu wake, wamkuluyo aimbire wamkulu wake, ndipo yankho likamabwera dzuwa lapendeka. Amayi aja amangoyang'ana thukuta lawo likufiira pamaso pawo. Ine zimenezi zimandipweteka kwambiri chifukwa vuto lake si ndalama, ndalama ya lole ndi yochepa poyerekeza ndi tsamba lotayikalo, vuto ndi loti munthu amene ali pamalopo sanadaliridwe.

Mwina mukuti tiyi ndi mbewu yodekha, chitsamba chimodzi chimakhala zaka makumimakumi, nde kuthamanga kwake n'kotani. Komatu tiyi yemweyu anabwera kuno kamba koti zinthu zinasintha. Azungu oyamba aja analima khofi, khofi atakanika ndi tizilombo ndi matenda komanso mitengo itagwa pa msika wa kunja, ndi pamene anatembenukira ku tiyi, kuyambira m'zaka za m'ma 1890 kuno ku Mulanje kenako Thyolo. Sindikuwatamanda ayi, thangata tikuidziwa, agogo athu anaimva pamsana ndipo nkhani ya malo mpaka pano sinathe. Ndikungonena kuti minda yobiriwira imene tikuiona ngati inalengedwa ndi phirili inabwera chifukwa wina anaona kuti mbewu yake yafa ndipo sanadikire.

Ifeyo ndiye tinadikira pa nthochi. Ndani sakumbuka mmene malole ankatulukira ku Thyolo, ku Masambanjati, ku Thekerani, atadzadza mikoko kupita ku Blantyre ndi Lilongwe? Matenda a chisaka sanabwere usiku umodzi, anayenda pang'onopang'ono kwa zaka, alimi ankaona masamba akupanikizana pamwamba, nthochi osabereka, ankanena, koma mayankho anabwera mochedwa ndipo pamene uthenga wozula nthochi zonse unkafika mwamphamvu minda yambiri inali itapita kale, mbewu yoyera yobzalanso inali yosakwanira, anthu n'kumakana kuzula poti ukazula udya chiyani. Zotsatira zake tinayamba kudya nthochi za ku Tanzania ndi Mozambique, ife a ku Thyolo. Panopa minda ikubwerera pang'onopang'ono koma msika ukapita kwa anzako sumabwera wokha.

Nandolo nayenso anatiphunzitsa. Mtengo utakwera aliyense analima, magulu anatenga ngongole, kenako mu 2017 India anachepetsa nandolo wolowa mdziko mwake, mtengo unagwa mpaka anthu kumangosiya matumba mnyumba. Chiganizo chinapangidwa ku New Delhi koma anagona ndi njala ndi a ku Mulanje, Thyolo ndi Phalombe. Makadamiya chimodzimodzi, maesiteti ambiri a ku Thyolo anathawirako ndipo kwa zaka anawathandiza, koma cha mu 2022 ndi 2023 mitengo ya pa msika wa dziko lonse inatsika kwambiri. Nde musamve ngati ndikuti siyani tiyi mulime chakutichakuti, mbewu yopulumutsa kulibe. Chimene chikufunika ndi bungwe limene likamva kuti kunja kwayamba kutembenuka limakhala pansi sabata yomweyo, osati kudikira msonkhano waukulu wa pachaka umene theka la tsiku limathera pa mapemphero, malonje ndi kuwerenga maminitsi a chaka chatha.

Za nyengo sindikuyenera kukukumbutsani koma ndinena. Namondwe wa Idai mu Malichi 2019. Namondwe wa Ana mu Januwale 2022, amene anaononga malo opangira magetsi a Kapichira n'kuchotsa pafupifupi ma megawati 130, magetsi n'kumazimazima kupitirira chaka, mafakitale kumadalira majenereta nthawi yomweyo dizilo akusowa. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, phiri linagumuka, midzi inakwiririka, milatho inapita, tinaika abale athu ndipo ena sitinawapeze mpaka lero. Chaka chotsatira 2024 kunabwera ng'amba ya El Niño mpaka boma kulengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Zonsezi mkati mwa zaka zochepa. Akuluakulu kumudzi akunenanso kuti chiperoni chimene chinkanyowetsa tiyi nthawi yozizira sichikudalirika ngati kale. Funso langa ndi loti, kuchokera pa Freddy, ndi mabungwe angati mwa inu amene anakhala pansi n'kulemba kuti mlatho wakuti ukaduka tsamba lidzera njira yakuti, fakitale yakuti ikaima tikagayitsa kwa anzathu akuti pa mgwirizano wakuti, ndipo amene alamule zimenezo usiku wa Loweruka ndi uje? Zimenezi zimakonzedwa kunja kuli ngwee, mu Ogasiti, osati madzi ali mkhosi. Anzathu a ku Bondo ali ndi magetsi awoawo a kampani yaing'ono ya MEGA ochokera mu mtsinje wa Lichenya, maesiteti ena ali ndi makina awo opangira magetsi pa mtsinje wa Ruo, kusonyeza kuti nzeru zodziimira patokha zilipo konkuno, sizofunika kukazitenga kunja.

Pali chinthu china chimene anthu amasokoneza. Kuchita zinthu mwachangu sikutanthauza kuti zonse zimatheka lero. Tiyi watsopano ukabzala umadikira zaka zitatu kapena zinayi kuti uyambe kutchola zooneka, nde chifukwa chomwecho chiganizo chobzala sichiyenera kuchedwa olo chaka chimodzi. Minda yambiri kuno ikadali ya tiyi wakale wa njere amene anabzalidwa makolo athu ali ana, pomwe pa Mimosa pompa pali siteshoni yofufuza za tiyi ya Tea Research Foundation of Central Africa imene yatulutsa mitundu ngati SFS 150 ndi PC 108 imene mayiko ena anabwera kudzatenga. Tili ndi akatswiri pakhomo koma mlimi wamng'ono wa theka la hekitala sangazule munda wake wonse n'kukhala zaka zinayi osalandira kanthu. Gulu lanzeru lingamuthandize kuzula mizere yochepa chaka chilichonse, kukhala ndi nazale yapafupi, kumupezera chodzala pakati podikira. Chaka chilichonse chimene mukuti tidzaona bajeti ikadzakhala bwino, mukukankhira zokolola kutsogolo ndi chaka chinanso, paja zengerezu analinda kwawukwawu.

Tikambe za msika. Tiyi wathu wambiri amapita kunja, makamaka ku UK ndi South Africa, wina kudzera pa okushoni ya ku Limbe wina pa mapangano achindunji, ndipo ogula amamukonda kamba ka mtundu wake wofiira bwino posakaniza ndi tiyi wa kwina. Koma dziko lonse la Malawi limatulutsa makilogalamu osapitirira 50 miliyoni zaka zambiri, pomwe Kenya yokha imapitirira 500 miliyoni. Tiyi akadzadza ku okushoni ya Mombasa mitengo imatsika ndipo ife timatsika nawo, pa kuchuluka sitingalimbane nawo olo titatani. Kuonjezera apo tilibe nyanja, katundu amadalira madoko a Beira, Nacala kapena Durban, ndipo munaona kumapeto kwa 2024 zipolowe za chisankho ku Mozambique zitayamba mmene malole anaimira. Ogula nawonso asintha, akufuna masatifiketi a Rainforest Alliance ndi Fairtrade, akufuna kudziwa kuti tsamba lachokera mmunda wa ndani ndipo wotcholayo walandira zingati. Satemwa ku Thyolo, esiteti ya kuyambira 1923, inaona zimenezi n'kuyamba kupanga tiyi wapadera, wobiriwira, woyera, oolong, kuphatikiza khofi ndi kulandira alendo ku Huntingdon House. Sindikuti aliyense atengere zomwezo, msika wa tiyi wapadera ndi waung'ono, koma anayesa pang'ono, anaona, anaonjezera. Mmagulu athu ambiri munthu akabweretsa ganizo latsopano amafunsidwa kuti kodi zinachitikapo kuti, ndipo zikapanda kuyenda dzina lake limaipa mpaka kalekale, nde anthu anaphunzira kukhala chete.

Chimene ndikupempha choyamba, ndipo ichi ndi chachikulu kuposa zonse, tsitsani mphamvu. Muikeni malire kapitawo, kalaliki wa pa shedi, woyang'anira divishoni, mlembi wa kalabu, kuti mpaka ndalama zakuti ukhoza kugamula wekha pofuna kupulumutsa tsamba kapena kukonza chinthu chaduka, ukatero jambula lisiti utumize pa WhatsApp tsiku lomwelo. Ndikudziwa chimene mukuopa ndipo mantha anu ndi omveka, ndalama zimabedwa mdziko muno, Cashgate ya 2013 tonse tikuikumbuka, ndipo magulu a alimi ambiri anagwa kamba ka atsogoleri a manja aatali. Koma taganizani, ndalama za Cashgate zinadutsa mmaofesi a masiginecha ndi masitampa ambirimbiri. Chimene chimaletsa kuba ndi kuonekera, kuti aliyense aone kuti zatuluka zingati, wapatsidwa ndani, lero lomwe, osati kuchuluka kwa madesiki amene pepala ladutsapo. Ndalama yotumizidwa pa Airtel Money kapena Mpamba imasiya phazi, ya mu envelopu siisiya.

Pa nkhani yomweyo ya foni, mlimi asamayendenso mtunda kukafola pa ofesi tsiku lonse kudikira malipiro, ndipo asamamve mtengo wa tsamba ngati mphekesera. Alimi ang'onoang'ono a tiyi anayamba mwadongosolo mu 1967 ndi bungwe la boma la Smallholder Tea Authority, akuluakulu amakumbuka zaka zimene malipiro ankachedwa miyezi mpaka ena kusiya kusamala minda, chikhulupiriro chikatha chimavuta kubweza. Lero kwacha ikugwa chonchi mtengo wa tsamba wokambirana kamodzi kapena kawiri pachaka umakhala utatha mphamvu usanafike pakati pa sizoni, feteleza wakwera, sopo wakwera, fizi yakwera. Khalani ndi njira yogwirizana yoti kwacha ikasuntha kwambiri mumakumananso pasanathe mwezi, poti tiyi amagulitsidwa mu madola ndipo mlimi amadziwa zimenezo, foni ali nayo.

Uthenga uzikweranso mmwamba. Dalaivala amadziwa msewu umene wayamba kudyeka, wotchola amaona tizilombo masabata angapo alangizi asanafike, mayi wa pa msika wa Limbuli amadziwa kuti metikali, ndalama ya ku Mozambique, yasintha ndipo a ku Milange kutsidyako ayamba kugula chakuti kapena asiya, zonsezi ndi nkhani zamalonda zenizeni koma sizifika pa tebulo la bodi chifukwa palibe anafunsa. Sizifuna kompyuta yodula kapena akatswiri obwera ndi galimoto yoyera. Mphindi zochepa Lolemba lililonse, ataimirira pa shedi pomwepo, chavuta n'chani sabata yathayi, tingakonze chani sabata ino, achite ndani. Chofunika ndi choti chimene chanenedwa chiyankhidwe, olo yankho likhale ayi, chifukwa anthu akalankhula katatu osamva kanthu kachinayi salankhulanso.

Pano ndilankhule mosapsatira kwa inu a maesiteti. Nthawi zambiri mawu oti tikusintha kuti tigwirizane ndi nyengo akamveka kuchokera ku ofesi, kumalayini anthu amamva kuti ntchito yatha, ndipo nthawi zambiri amakhala akulondola. Makina otcholera akubwera, tikudziwa, mtengo wopangira tiyi wakwera, tikudziwanso. Koma Mulanje ndi Thyolo ndi maboma othinana anthu kwambiri, minda ndi timagawo, tiyi ndi amene amalemba anthu ambiri kuno, nde kuchotsa anthu mwakachetechete n'kumati tapepukitsa kampani kumeneko ndi kusamutsira vuto kumudzi, ndipo lidzakubwererani ngati kulowerera malo, kudula mitengo ndi kuba. Mu 2016 Tea Association of Malawi ndi bungwe la ogwira ntchito la PAWU anasainirana mgwirizano woyamba wa malipiro, pansi pa pulogalamu ija yokweza malipiro mu tiyi ya Malawi Tea 2020, kusonyeza kuti kukhala pa tebulo limodzi n'kotheka. Gwiritsani ntchito tebulo lomwelo kukambirana za makina asanafike, ndani aphunzitsidwe kuwayendetsa ndi kuwakonza, ndani apite ku nazale, ku ulimi wothirira, ku makadamiya. Munthu amene akuopa kuchotsedwa sangakuuzeni kuti pali njira yachidule yogwirira ntchito yake, akudziwa kuti akadziulula wadzidula yekha.

Achinyamata ndiye musanene. Ana athu amaliza fomu folo, ena makoleji, akuyendetsa kabaza wa njinga zamoto pa Chitakale kapena akusaka pasipoti ya ku Joni, pomwe makomiti athu adzadza anthu omwewo amene akhalapo kuyambira kale. Ulemu kwa akuluakulu ulipo ndipo nzeru zawo tikuzifuna, koma mupatseni mtsikana wodziwa foni mpando weniweni wokhala ndi voti, osati kumuitana kudzagawa ma fanta. Iyeyo ndi amene angaike nanazi wa ku Mulanje, mapeyala ndi uchi pa Facebook n'kupeza ogula ku Lilongwe zisanaolere mmbali mwa msewu, iyeyo ndi amene angaone mitengo ya ku Mombasa mmawa uliwonse. Alendo obwera kudzakwera Sapitwa amadutsa pakati pa minda yathu kupita ku Likhubula, ambiri amabwerera osagula olo paketi imodzi ya tiyi yolembedwa dzina la mudzi umene adutsa.

Inu a khonsolo gawo lanu ndi lalifupi koma lolemera. Chilolezo cha bizinesi yaing'ono chisamatenge maulendo ambirimbiri ku boma, ndipo misewu ya kuminda muziikonza mvula isanayambe.

Pomaliza pempho la ndalama, sungani kathumba ka padera kosakhudzidwa, ka dizilo, ka lole, ka mlatho wa matabwa, ndipo mugwirizane lero kuti amene angakatsegule ndi ndani ndipo pa zifukwa ziti. Mmakopaletivi zimavuta chifukwa bonasi ikabwera aliyense amafuna igawidwe yonse, ndipo ndikuwamvetsa poti kunyumba kuli mavuto, koma mukawafotokozera mamembala poyera ndi mabuku ali pa tebulo ambiri amavomera. Mvula iyamba cha mu Novembala ndipo pofika Disembala tsamba lidzakhala likusefukira. Isanafike nthawi imeneyo ndikupempha manejala aliyense ndi tcheya aliyense aitane makapitawo, makalaliki, madalaivala ndi oimira alimi, muwafunse ziganizo zitatu zimene zinachedwa sizoni yatha ndi chimene chinazichedwetsa, kenako mulembe pa pepala limodzi dzina la amene adzagamule zimenezo chaka chino ndi malire a ndalama zake, pepalalo mulimate pa shedi iliyonse pomwe aliyense angaliwerenge.

Ine wanu,
Mwana wa kuno ku Mulanje